Phula latsopano, nanga woyenda pansi awolokera pati?

Munthu wochokera pa Mubaira, malo a zamalonda a m'dera la Mhondoro m'chigawo cha Mashonaland West ku Zimbabwe, akafuna kukagulitsa chimanga ku nkhokwe za Grain Marketing Board ku Chegutu, kapena akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kadoma, amayenda pa misewu ya mitundu itatu tsiku limodzi. Amayamba ndi kamsewu kafumbi ka kumudzi, koyendamo ngolo ndi mawilibala. Akafika pa Mubaira amakwera kombi yolowera ku Chegutu. Pomaliza amatulukira mu msewu waukulu wa Harare–Bulawayo, womwe pa mapu umalembedwa kuti A5, umodzi mwa misewu yotanganidwa koposa m'dzikolo.

Mwa misewu itatuyi, wachitatuwo ndiwo udalowa ndalama zambiri. Komatu ndi pomweponso pamene munthu uja amatsika kombi, katundu kumutu, mwina mwana kumbuyo kapena ndodo m'manja, n'kuyamba kuyenda pansi pakati pa mathiraki olowera ku Botswana ndi ku doko la Beira. Kuti msewu wokonzedwawo ukumutumikira kapena ukumuopseza, sizidziwika poyang'ana kusalala kwa phula. Zimadziwika poyang'ana zimene zili m'mphepete mwa phulalo: poyenda, powolokera, potsikira ndi podikirira galimoto.

Ngongole ya madola 206 miliyoni

Msewu wa A5 ndi gawo la msewu wautali wochokera ku Plumtree, pa malire ndi Botswana, kudzera ku Bulawayo ndi ku Harare mpaka ku Mutare, pa malire ndi Mozambique, mtunda woposa makilomita 800. Ntchito yaikulu youkonzanso idayamba m'chaka cha 2012 ndipo idatenga zaka pafupifupi zitatu. Ndalama zake, zoposa madola a ku America 206 miliyoni, zidali ngongole yochokera ku Development Bank of Southern Africa. Idayendetsa ntchitoyo ndi kampani ya Infralink, imene magawo 70 mwa 100 adali a ZINARA, bungwe losunga thumba la ndalama za misewu, pomwe 30 otsalawo adali a kampani ya zomangamanga ya ku South Africa yotchedwa Group Five. Pamodzi ndi phulalo padamangidwanso zipata zatsopano zolipirira, kuphatikizapo cha pafupi ndi Norton ndi cha pafupi ndi Kadoma, popeza ngongoleyo idayenera kubwezedwa ndi ndalama zotoleredwa pa zipatazo.

Apa pali mfundo imene alimi ambiri saiganizira. Zipata zolipirira zidayamba ku Zimbabwe mu Ogasiti 2009, ndipo kuchokera nthawiyo aliyense wokwera kombi kapena basi amalipira nawo, chifukwa mwini galimoto amaphatikiza ndalama ya pachipata pa mtengo wa ulendo. Wogula feteleza ndi sopo amalipiranso, poti katunduyo adabwera pa lole imene idadutsa pachipata pomwepo. Choncho mayi wa ku Mhondoro amene chibadwire sadagwireko chiwongolero ali ndi gawo lake pa msewu umenewu. Akamapempha malo owolokera, sakupempha chifundo kwa munthu ayi.

Palibe amene angatsutse kuti msewu waukuluwo udafunika kukonzedwa. Msewu wa phula uli ngati nyumba: pansi pali maziko a miyala ndi dothi lotsenderedwa, pamwamba pali denga lopyapyala loletsa madzi kulowa. Dzuwa limaumitsa phula mpaka kuchita ming'alu, mvula ikalowa m'ming'alumo imafewetsa maziko, ndipo thiraki ikapondapo pamabadwa dzenje. N'chifukwa chake mainjiniya amalangiza kuti pakapita zaka 7 mpaka 10 msewu uzithiridwanso phula ndi timiyala pamwamba usadayambe kuphwasuka. Kuzengereza kumabala ntchito yodula kwambiri yofukula maziko onse. Katundu wopyola muyezo naye amafupikitsa moyo wa msewu. Kafukufuku amene adachitika ku America pakati pa 1958 ndi 1960 adaonetsa kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. M'dera la migodi ngati limeneli, nkhaniyi si yaing'ono. Kampani ya Zimplats poyamba kukumba pulatinamu ku Ngezi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, idachita kumanga msewu wolimba wa makilomita oposa 70 wonyamulira miyala kupita ku Selous.

Misewu ina yambiri sidaone mwayi wotere. Mu Febuluwale 2021 boma la Zimbabwe lidalengeza kuti misewu ya dzikolo ili pa ngozi yogwa mwadzidzidzi, ndipo lidakhazikitsa gawo lachiwiri la ndondomeko yokonza misewu mwachangu, yodziwika kuti ERRP2. Msewu wa Skyline–Mubaira–Chegutu, womwe umalumikiza msewu wa Harare–Beitbridge ndi wa Harare–Bulawayo kudzera m'kati mwa Mhondoro, wakhala ukutchulidwa pakati pa misewu yofunika kukwezedwa. Ndiye kuti kwa anthu a pa Mubaira, nkhani ya mmene msewu wa phula uyenera kudutsira pakati pa anthu ikadali m'manja mwawo.

Maenje akatha, liwiro limakwera

Maenje ndi oipa, koma amagwira ntchito imodzi imene palibe adawatuma: amakakamiza dalaivala kuyenda pang'onopang'ono. Akangokwiriridwa, madalaivala amaponda moto. Malamulo a ku Zimbabwe amalola magalimoto ang'onoang'ono kuthamanga mpaka makilomita 120 pa ola pa misewu ikuluikulu, ndi makilomita 60 pa ola m'matauni. Galimoto yothamanga 120 imadutsa mamita 33 pa sekondi imodzi, ndipo yothamanga 60 imadutsa mamita pafupifupi 17. Gogo amene amatenga masekondi 15 kuti awoloke msewu, ayenera kuona kuti mbali zonse ziwiri mulibe galimoto pa mtunda wa mamita 250 ngati madalaivala akumvera lamulo la m'tauni. Ngati sadachepetse liwiro polowa m'taunimo, mtundawo ndi theka la kilomita. Ndi maso angati okalamba amene angaone patali chotero, makamaka chakumadzulo dzuwa litapendeka?

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti liwiro likakwera ndi gawo limodzi mwa 100, ngozi zakupha zimakwera ndi magawo anayi mwa 100. Limanenanso kuti munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga 65 ali pa chiopsezo cha imfa choposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa ndi yothamanga 50. Lipoti la bungweli la 2023 lidati m'chaka cha 2021 anthu 1.19 miliyoni adafa pa ngozi za pamsewu pa dziko lonse, ndipo oposa mmodzi mwa asanu alionse adali oyenda pansi. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndiye adali patsogolo pa imfazi, chonsecho ndiye ali ndi magalimoto ochepa. Kauniuni amene bungwe la United Nations lidatulutsa mu 2022 wokhudza Zimbabwe adati anthu pafupifupi asanu amafa pa misewu ya dzikolo tsiku lililonse.

Nduna za maiko osiyanasiyana zitakumana ku Stockholm mu Febuluwale 2020, zidagwirizana kuti pamene magalimoto amasakanikirana ndi oyenda pansi liwiro lisamapyole makilomita 30 pa ola. Pa Chegutu msewu waukulu umadutsa pakati penipeni pa tauni, masitolo uku ndi uku, mabasi akuima, amalonda akuthamangira m'mawindo ndi zipatso ndi chimanga chootcha. Malo oterewa ndi amene nduna zija zinkanena. Chikwangwani chokha sichichepetsa liwiro. Chimene chimachepetsa ndi mamangidwe a msewuwo: timizere togwedeza galimoto polowa m'tauni, mahampu, malo owolokera otukulidwa pang'ono, ndi kachilumba pakati pa msewu kamene woyenda pansi amaimapo atawoloka theka loyamba.

Amene amayenda m'mphepete

Mzinda wa Kadoma uli ndi chifukwa chapadera choganizira zimenezi. Mumzindamu muli sukulu ya ana osaona ya bungwe la Jairos Jiri Association, lomwe adaliyambitsa ku Bulawayo m'chaka cha 1950 ndi malemu Jairos Jiri, amene adamwalira mu 1982. Ana ophunzira kuyenda ndi ndodo yoyera amaphunzitsidwa kutsata mphepete mwa njira ndi kumvetsera kulira kwa magalimoto. Njira ikakhala yopanda mphepete yodziwika, kapena ikathera mwadzidzidzi mu ngalande yosavundikira, maphunziro onsewo sathandiza.

Palinso gulu lina lodziwika bwino kwa owerenga Chichewa. Migodi ya golide ya m'dera lino, monga Cam and Motor ku Eiffel Flats ndi Dalny ku Chakari, pamodzi ndi mafamu ozungulira Chegutu ndi Kadoma, idakopa anthu ambiri ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique m'nthawi ya atsamunda, pomwe matauniwa ankatchedwa Hartley ndi Gatooma. Ena adafika atayenda pansi milungu yambiri. Zidzukulu zawo zikadalipo m'makomboni ndi m'mafamu, ndipo kumapeto a sabata ng'oma za gule wamkulu zimamvekabe. Ambiri mwa achikulire otsala ntchito idawasiya ndi maso ofooka, makutu ogontha, chifuwa kapena mwendo wotsimphina. Salembedwa pa kaundula aliyense wa anthu aulumali, koma pa msewu amasowa zomwezo zimene amasowa mwana wa ndodo yoyera.

Bungwe la WHO lidati mu 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse pa dziko lapansi ali ndi ulumali waukulu. Pa chiwerengerochi pawonjezedwe mayi woyembekezera, wodwala wochokera kuchipatala, mwana wa sukulu wamfupi amene dalaivala wa thiraki samuona, ndi mlimi wokankha wilibala yodzaza ndi matomato. Wilibala ndi njinga ya aulumali zili ndi mdani mmodzi: sitepe. Pamene njinga ya aulumali yakanika kukwera, wilibala nayo imafuna anthu awiri oinyamula.

Ulendo wa munthu uli ngati unyolo. Kombi ikhoza kukhalapo, chipatala chikhoza kukhala ndi khomo lotambasuka bwino, koma ngati pakati pa siteji ndi chipatalacho pali ngalande imodzi yosawolokeka, wodwala wa pa njinga sakafika. Ambiri amangosiya kupita, ndipo kaundula wa chipatala amawalemba kuti adathawa mankhwala.

Njira ya oyenda pansi yoyenera dzina lake

Zofunika pa njira ya oyenda pansi n'zodziwika ndipo si zodula. Njirayo izikhala yosadukiza, yolimba pansi, ndiponso yotambasuka mamita osachepera 1.5, makamaka 1.8 kuti njinga ziwiri za aulumali zithe kupatukirana. Mapolo a magetsi ndi zikwangwani aziimikidwa pambali, osati pakati pa njira. Ngalande zizivundikiridwa. Pamalo powolokera, mpanda wa simenti wa m'mphepete mwa msewu uzitsitsidwa kuti pakhale potsetserekera. Muyezo wodziwika ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a utali, kutanthauza kuti mpanda wa masentimita 15 umafuna potsetserekera pa mamita 1.8. Amisiri ambiri amafupikitsa kuti asunge simenti, ndipo zotsatira zake ndi chitunda chimene chimagwetsa munthu chagada.

Kwa osaona pamaikidwa matailosi a timatuza amene amamveka ku phazi ndi ku ndodo. Adawapeka ndi Seiichi Miyake wa ku Japan, ndipo adayalidwa koyamba mu 1967 mumzinda wa Okayama, pafupi ndi sukulu ya osaona. A mizere amalondolera njira, a timadontho amachenjeza kuti apa pali msewu kapena sitepe. Akayalidwa ngati chokongoletsera, n'kumalondolera munthu ku polo kapena ku khoma, amakhala oopsa kuposa kusakhalapo kwake.

Pali vuto lina limene limabwera ndi phula latsopanolo. Kuthira phula pamwamba pa lakale kumakweza msewu ndi masentimita angapo. Ngati m'mphepete simudadzazidwe bwino, pamatsala sitepe yakuthwa pakati pa phula ndi dothi, ndipo mvula ikamakokolola dothilo sitepeyo imakula chaka ndi chaka. Potsetserekera pomwe padali bwino pamasanduka chithaphwi. Ichi n'chifukwa chake nthawi yothira phula ndiyo nthawi yokonza m'mphepete. Ku America nkhaniyi idafika mpaka kukhoti. M'chaka cha 1993 khoti la apilo lidagamula pa mlandu wa mumzinda wa Philadelphia kuti kuthiranso phula ndi kusintha msewu, motero mzindawo udayenera kuika potsetserekera pa mphambano za misewu imene udathira phula, malinga ndi lamulo la anthu aulumali la 1990. Nzeru yake njosavuta kumva: makina ali pomwepo, amisiri ali pomwepo, msewu watsekedwa kale. Kubwereranso patapita zaka kudzaphwanya simenti n'kuwononga ndalama kawiri. Lipoti la WHO ndi World Bank la 2011 lidapeza kuti pa nyumba yatsopano, kuganizira aulumali kuyambira pa pulani kumangowonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa 100 pa mtengo wonse.

Nanga amalonda amene amayala katundu pa njira ya oyenda pansi? Kuwathamangitsa ndi apolisi a khonsolo kwayesedwa m'mizinda yambiri, ndipo amabwerera m'mawa mwake, chifukwa ogula ali pomwepo. Ambiri mwa iwo ndi amayi ogulitsa zokolola za alimi omwewo a ku Mhondoro. Pulani yanzeru imawapatsa malo awo kumbuyo kwa njira, pafupi ndi poimira mabasi, ndi kulemba mzere woonekera umene katundu sayenera kudumpha.

Maroboti amene amadikira munthu

Pa mphambano zotanganidwa za m'tauni, maroboti amathandiza pokhapokha atatcheredwa poganizira woyenda pansi. Kwa zaka zambiri mainjiniya akhala akuwerengera kuti munthu amayenda mamita 1.2 pa sekondi. Pa msewu wotambasuka mamita 12, ndiye kuti apatsidwa masekondi 10. Koma okalamba ambiri amayenda pafupifupi mamita 0.8 pa sekondi, ndipo amafuna masekondi 15. Masekondi asanu osiyanawo dalaivala sawamva n'komwe, koma kwa gogo ndiwo amalekanitsa kufika kutsidya ndi kutsakamira pakati pa magalimoto. Kuwonjezera nthawiyi sikufuna simenti kapena phula, kumangofuna mmisiri wotchera bokosi la roboti.

Wosaona saona kamunthu kobiriwira. Amafuna roboti yolira ikafika nthawi yowoloka, ndi batani loikidwa pa msinkhu umene wokhala pa njinga angafikire. Ku Britain pansi pa bokosi la batani amaikapo kachitsulo kamene kamazungulira nthawi yowoloka ikakwana, kuti amene ndi wosaona komanso wosamva akagwire ndi chala. Wosamva naye amadalira maso okha, choncho nyali ziyenera kuoneka bwino ngakhale masana dzuwa likuswa mtengo.

Koma roboti ndi chipangizo cha magetsi, ndipo m'dziko limene magetsi akhala akuzimazima kwa maola ambiri, monga zidachitikira mu 2019 ndi kumapeto kwa 2022 madzi atachepa ku Kariba, roboti yakufa imasokoneza kuposa mphambano yopanda kanthu. Ya mphamvu ya dzuwa imathandiza, bola mabatire atetezedwe kwa akuba ndipo khonsolo ikhale ndi ndalama zogulira ena akatha. Hampu ndi kachilumba ka simenti sizifuna magetsi, sizibedwa, ndipo zimagwira ntchito usiku ndi usana. Tauni ya ndalama zochepa iyenera kuyamba ndi zimenezi.

Umboni ulipo kufupi konkuno. Ku Dar es Salaam m'dziko la Tanzania, bungwe la Amend lidakonza malo ozungulira sukulu za pulayimale poika mahampu, timizere togwedeza, njira za oyenda pansi ndi malo owolokera. Kafukufuku amene adachitika pambuyo pake adapeza kuti kuvulala kwa ana pamsewu m'sukuluzo kudatsika ndi magawo 26 mwa 100.

Pa Mubaira sipafunika roboti

Malo a zamalonda akumudzi ali ndi zosowa zosiyana ndi za m'tauni, ndipo kukopera pulani ya ku Harare kungakhale kutaya ndalama. Pa Mubaira pali masitolo, sukulu, chipatala ndi poimira mabasi, zonse zitayandikana ndi msewu. Chofunika choyamba ndi mphepete yotambasuka ndi yolimba, makamaka yothiridwa phula, kuti ana a sukulu, njinga ndi ngolo zisamayende pa mzere wa magalimoto. Chachiwiri ndi malo oti kombi izipatukira potsitsa anthu, okhala ndi pansi posalala ndi benchi pamthunzi.

Chachitatu, chomwe chimaiwalika kawirikawiri, ndi ngalande. Kontirakitala akamakweza msewu amakumba ngalande zakuya mbali zonse ziwiri kuti madzi asaononge maziko, ndipo amachita bwino. Koma ngati sadaike kalavati kapena chivundikiro pa khomo la sukulu, la chipatala, la chigayo, la mjigo ndi pa njira za kumunda, ndiye kuti wadula mudzi pakati. Anthu amayamba kuponyamo miyala ndi mitengo kuti awoloke, ngalande imatsekeka, madzi amasefukira pa phula, ndipo msewu watsopano umayamba kudyeka chaka choyamba chomwe. Kalavati yoikidwa pamalo poyenera imateteza msewu ndi munthu yemwe.

Ng'ombe nazo zili ndi njira zawo zopita ku dibi ndi ku madzi, ndipo sizisintha chifukwa chakuti pabwera phula. Injiniya wochokera kutali amene wafika masana tsiku limodzi sangazidziwe. Sangadziwenso kuti ana amadutsira pati pothawa matope m'dzinja, kapena kuti tsiku la msika anthu amaunjikana mbali iti. Amadziwa zimenezi ndi mfumu, mlangizi wa zaulimi, wazaumoyo wa m'mudzi ndi abusa a ng'ombe.

Msewu ndi wa yani, ndipo alankhule liti

Madandaulo ambiri amafera m'njira chifukwa apita ku ofesi yolakwika. Ku Zimbabwe misewu ikuluikulu ya boma, monga A5, ili m'manja mwa nthambi ya misewu ya unduna wa zamtengatenga. Misewu ya m'matauni ili m'manja mwa makhonsolo, monga a Chegutu ndi Kadoma. Misewu ya kumudzi imagawidwa pakati pa makhonsolo a maboma, monga Chegutu Rural District Council, ndi bungwe la RIDA, lomwe kale linkatchedwa DDF. ZINARA simanga misewu yokha, koma imatolera ndalama za pa zipata, za malaisensi a magalimoto ndi zina, n'kuzigawa kwa eni misewuwo. Pamene msewu wa boma wadutsa m'tauni ndi pamene pamavuta, chifukwa phula likhoza kukhala la unduna, pomwe njira ya m'mphepete ndi nyali zikuyang'ana kwa khonsolo, ndipo aliyense amaloza mnzake. Funso loyamba la komiti ya chitukuko lizikhala lakuti: chigawo ichi mwini wake ndani?

Malamulo ali ku mbali ya woyenda pansi. Zimbabwe idali pakati pa maiko oyambirira mu Africa kukhala ndi lamulo la anthu aulumali, la m'chaka cha 1992. Mu Seputembala 2013 dzikolo lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake la 9 limatchula misewu ndi zamtengatenga mwachindunji, m'tauni ndi kumudzi komwe. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amateteza aulumali m'magawo 22 ndi 83, ndipo gawo 13 limati anthu ayenera kutenga mbali pokonza mapulani a chitukuko owakhudza. Gawo 6 limaika Chichewa ndi chinenero cha manja pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, n'kulamula maofesi a boma kuganizira chinenero cha anthu amene akukhudzidwa. Pa msonkhano wa msewu ku Chakari kapena ku Eiffel Flats, achikulire ali ndi ufulu wopempha kuti nkhani imasuliridwe m'chinenero chimene amamva. Mu Juni 2021 boma lidakhazikitsanso ndondomeko ya dziko lonse ya anthu aulumali.

Komabe lamulo silithira simenti. Akuluakulu adati m'mera mpoyamba, ndipo pa ntchito ya msewu poyambira pake ndi pa pulani. Injiniya amajambula msewu n'kulemba mndandanda wa zonse zofunika ndi kuchuluka kwake: phula, miyala, makalavati, zikwangwani. Makontirakitala amapikisana mitengo potengera mndandandawo. Chimene sichidalembedwe m'menemo chilibe ndalama, ndipo kapitawo wa pamsewu alibe mphamvu yochiwonjezera ngakhale atamva chisoni chotani. Anthu ambiri amayamba kudandaula ataona magiredala afika, pamene mgwirizano udasainidwa kale.

Choncho alangizi ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi m'mawodi, amene akhalapo kuyambira 1984, asamadikire chikwangwani cha kontirakitala. Akangomva kuti msewu walowa mu bajeti, kapena akaona anthu oyeza akukhoma zikhomo, aitanitse khansala n'kuyenda naye pansi m'mbali mwa msewuwo. Pa ulendowo pakhale munthu wa pa njinga ya aulumali, wosaona, gogo, mwana wa sukulu ndi mlimi wa ngolo, aliyense asonyeze pamene amawolokera ndi pamene amavutika. Malowo alembedwe pa mapu ojambula pamanja, ndipo ngati n'kotheka anthu awerengedwe m'mawa ana akamapita kusukulu, masana ndi madzulo, chifukwa injiniya amamva msanga chiwerengero kusiyana ndi dandaulo. Kalata ipite kwa mwini msewu, ina itsale ndi komiti itadindidwa chidindo cha ofesi yolandira. Gawo 62 la malamulo aakulu limapatsa nzika ufulu wopeza uthenga umene uli m'manja mwa boma, choncho kupempha kuona pulani ya chigawo chodutsa pamudzi si mwano.

Ntchito ikayamba, komiti ifunse za njira yoyembekezera ya oyenda pansi, poti nthawi yomanga maenje amakhala osatseka ndipo milu ya miyala imaunjikidwa pomwe anthu ankayenda. Ikatha, pamakhalabe mpata wina umene ambiri saudziwa. Migwirizano ya zomangamanga kawirikawiri imakhala ndi nyengo, nthawi zambiri ya miyezi 12, imene kontirakitala amayenera kukonza ndi ndalama zake chilichonse chimene adalakwitsa, ndipo mwini ntchito amagwira gawo la malipiro mpaka nyengoyo ithe. Potsetserekera potsetsereka mopyola muyezo, chivundikiro cha ngalande chosweka, kapena kalavati yolembedwa pa pulani koma yosaikidwa, zonsezi zilembedwe ndi kujambulidwa pa foni mvula yoyamba ikangogwa, n'kuperekedwa kwa injiniya wa mwini msewu nyengoyo isadathe.